Pachilumba Thandizo Limachedwa: Mawu kwa Achinyamata a ku Likoma ndi Chizumulu

Ana anga a ku Likoma ndi ku Chizumulu, inu amene mwayamba kulowa m'boti pamodzi ndi akuluakulu, ndi inu amene mwayamba kupikula usipa pagombe kuti mukagulitse kumtunda, tcherani khutu. Munthu wa ku Mzuzu zikamuthina usiku amaimitsa galimoto n'kuthamangira kumene kuli thandizo. Ife kuno msewu wathu ndi madzi, ndipo madziwo ali ndi masiku amene salola munthu kudutsa. Sitima ya Ilala, imene yatumikira nyanja ino kuyambira 1951, imafika pa tsiku lake, osati pa tsiku la vuto lako. Choncho wokhala pachilumba amakonzekera zinthu zisanaipe, chifukwa zikaipa, wodzamupulumutsa amakhala akadali kutali.

Tiyambe ndi mphepo, pakuti ndiyo yamasiyitsa mabanja ambiri. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, wochokera kummwera, ndipo umatha kukuntha masiku angapo osapuma. Nyengo ya dzinja kumabwera mpoto ndi mabingu ake, ndipo umenewu umadzidzimutsa: kumacha kuli bata, koma dzuwa lisanapendeke nyanja yatembenuka. Palinso vuma wochokera kuvuma, amene amatsika m'mapiri a ku Mozambique. Muziphunzira mphepo zimenezi kwa asodzi achikulire, muziyang'ana mitambo ndi maonekedwe a madzi, muzimveranso chenjezo la a zanyengo pa wailesi kapena pafoni. Siginala, wotsogolera asodzi pamadzi, akanena kuti lero sitipita, musamuseke kuti wakalamba. Usipa umene mwausiya lero mudzaupeza mawa. Mu Julaye 1946, nyengo ya mwera, sitima yachitsulo ya Vipya inamira chakumpoto kwa nyanja ino ndipo anthu 145 anathera pomwepo. Ngati nyanja inagonjetsa sitima yatsopano, bwato lanu la mtengo silingalimbane nayo.

Ngozi zambiri za pamadzi zimayambira pagombe, boti lisananyamuke. Mwini boti akufuna ndalama, ndiye akuwonjezera matumba a chimanga, mitolo ya nkhuni ndi anthu, mpaka madzi atsala pang'ono kufika m'milomo ya boti. Mukaona zotero, tsikani, ngakhale mutalipira kale, ngakhale anzanu akutcheni wamantha. Musananyamuke onani ngati muli nkhafi zapadera poti injini imafa, petulo woposa wa ulendowo, chokapira madzi, chingwe, nangula ndi tochi. Foni ikhale yotchaja, muikulunge m'pepala la pulasitiki. Jekete yoyandamitsa munthu muivale musanakwere, chifukwa boti likamagubuduka palibe amene amapeza mpata woifunafuna pansi pa makoka. Musadzitame kuti mumadziwa kusambira. Usiku, m'mafunde, kutali ndi mtunda, katswiri yemwe amatopa. Boti likatembenuka, gwiritsitsani boti lomwelo kapena chigubu chopanda kanthu, musayambe kusambira kulondola nyali imene simukudziwa kutalika kwake. Kunyumba muzinena kumene mukupita ndi nthawi imene muyembekezeka kubwera, kuti mukachedwa anthu adziwe koyambira kusaka. Ndipo kachasu ndi chamba zisalowe m'boti. Mlovi mmodzi woledzera amaika pachiswe anzake onse.

Madzi otizungulirawa ndi a dziko la Mozambique, ngakhale zilumba zathu zili za Malawi. Mukamawolokera ku Cóbuè kukagula nkhuni, nsungwi kapena chakudya, tengani chiphaso chanu, tsatirani malamulo a kumeneko, ndipo musakangane ndi asodzi awo pa malo oponya khoka. Ambiri a kutsidyako ndi abale athu, chilankhulo chathu n'chimodzi, ndipo tsiku limene mphepo idzakukankhireni kugombe lawo, ndi iwowo amene adzakuvuuleni.

Za matenda nazonso zimafuna kuchitiratu. Chipatala cha St Peter's chimatithandiza, koma matenda ena amafunika kutumizidwa ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, ulendo wa maola angapo pamadzi. Mayi woyembekezera asadikire kuti matenda ayambe ali kumudzi. Apite kukadikirira kuchipatala masiku asanakwane, makamaka wa ku Chizumulu, amene ayenera kuwoloka kaye. Mwana akatentha thupi, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Neti yogonamo ndi ya pabedi. Mukaisandutsa khoka mwadziitanira malungo, mwapululanso tiana ta nsomba timene tikanadzakudyetsani chaka chamawa. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, katengeni ena akale asanathe, osayembekezera piritsi lomaliza m'botolo. Kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anasautsa kwambiri madera a m'mbali mwa nyanja. Madzi a m'nyanja ngakhale aoneke oyera, awiritseni kapena thiranimo klorini, ndipo nyanja isakhale chimbudzi. Mukaona magazi m'mkodzo, akhoza kukhala likodzo, ndipo mankhwala ake alipo.

Ndinenepo poyera za pagombe. Nsomba zikasowa, alipo asodzi amene amauza mayi wogula kuti agone naye kaye kuti apeze usipa. Anyamata, musachite nawo khalidwe limeneli, ndi nkhanza. Atsikana, gwirizanani m'magulu, muzisonkha ndalama n'kugulira pamodzi, kuti pasakhale wokugwirani pakhosi. Pachilumba anthu ndi ochepa, ndipo matenda akalowa m'nyumba imodzi sachedwa kuzungulira mudzi. Kayezetseni, dzitetezeni.

Tsopano za chuma. Ndalama ya m'nyanja imabwera mwaphuma. Usiku umodzi khoka la chilimira likadzaza, mnyamata amagwira ndalama imene mphunzitsi amaidikira mwezi wathunthu, kenaka mwera ukagwa pamapita milungu osaona kanthu. Amene amayesa tsiku la mwayi ngati la masiku onse ndiye amene mumamupeza akukongola ufa. Nthaka yathu ndi ya miyala ndi mchenga, chinangwa cha kondowole chokha sichitifikitsa kumapeto a chaka, ndipo chimanga chambiri chimachita kubwera pa sitima. Mukapha bwino, yambani mwagula chakudya cha nyengo ya mwera. Kenaka patulani ya ulusi, phula, oilo ndi kukonzetsa injini, pakuti boti losasamalidwa limadzakutayani pakati pa nyanja. Yotsalayo isagone pansi pa mphasa m'nyumba ya udzu, mmene moto umodzi ungathe kuitha. Iikeni ku Mpamba, ku Airtel Money kapena ku banki mkhonde, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yanu nokha. Thawani katapila. Ambiri ataya injini ndi makoka chifukwa cha ngongole imene inayamba yaing'ono. Petulo musasunge m'chipinda chogona kapena pafupi ndi moto.

Chuma choposa zonse ndi malo. Chilumba cha Likoma ndi pafupifupi masikweya kilomita 18, Chizumulu n'chochepa kuposa apo, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma lino. Anthu akuchuluka, koma chilumba sichikula. Adzabwera anthu ndi ndalama zooneka zambiri, kufuna gombe lanu kuti amangepo malo ogona alendo. Alendo si oipa, ena atibweretsera ntchito. Koma musasaine chikalata chimene simunachimvetse, musagulitse malo a banja kumbali abale osadziwa, ndipo nkhani iliyonse ya malo idzere kwa amfumu ndi ku ofesi yoona za malo, pamaso pa mboni. Funsani bwino ngati ndi lendi ya zaka zowerengeka kapena kugulitsiratu, ndiponso ngati anthu adzapitirize kudutsa, kuchapa ndi kukocheza mabwato pamenepo. Safunsa anadya phula. Ndalama ya malo imatha m'chaka chimodzi, koma adzukulu anu adzasowa poyanika usipa mpaka kalekale. Pomanga nyumba, talikirani madzi. Mu 2024 nyanja inakwera n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo m'magombe ambiri a dziko lino. Denga mulimange molimba, ndipo mitengo ya mango ndi malambe imene imatchinga mphepo musaigwetse.

Mukakhala ndi boti, injini kapena nyumba, lembani wilo mukadali ndi mphamvu. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana, koma m'mudzi mkangano umatha msanga pakakhala pepala ndi mboni. Msodzi amachoka madzulo ali bwinobwino, ndipo si onse amene amabwerako. Kulemba wilo si kudziitanira imfa, ndi kuteteza ana anu.

Pomaliza, samalani mbiri yanu. Kuno aliyense amadziwa mwana wa yani, ndipo wakuba nsomba pathandala kapena wodula khoka la mnzake alibe kothawira. Apolisi alipo, komiti ya pagombe iliponso, koma amene amadzuka pakati pa usiku kukankha boti kuti akakusakeni ndi anansi anu. Pitani kumaliro, thandizani kukoka boti la mnzanu, bwezani ngongole, ndipo mukayambana ndi munthu kambiranani kwa amfumu zisanakule. Mukamva mfuwu pagombe, thamangani osafunsa kuti wamira ndani. Phunzitsani ang'ono anu kusambira ndi kuwerenga mphepo monga akulu anakuphunzitsirani inu, ndipo musawatulutse m'sukulu chifukwa cha usipa wa nyengo imodzi. Zonsezi muyambe lero, nyanja ikadali bata.