Tiyeni Tikaone Tete

Tikachoka ku Ulongwe timatsika mapiri. Timadutsa ku Moatize, kumene amakumba malasha. Kwathu kumazizira, koma ku Tete kumatentha. Tisaiwale madzi akumwa.

Timaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. Tsidya lake ndiwo mzinda. Apwitikizi anakhazikikamo m'zaka za m'ma 1530, pofuna golide ndi minyanga. Linga lawo likadalipo.

Kumtunda kwa mtsinje, ku Boroma, kuli tchalitchi chakale pachitunda. Patsogolo, ku Songo, kuli damu la Cahora Bassa, lomalizidwa mu 1974. Abale athu ambiri anagwirako chibalo.

Atsamunda anachoka mu 1975. Zimene manja athu anamanga ndi zathu. Tizione, tizisamale.

Funso: Ndani kwathu anagwirapo chibalo? Tikambirane.