Kuphunzitsa za Chiwewe ndi Chisamaliro cha Agalu ndi Amphaka

M'makomo ambiri a ku Canongola, mumzinda wa Tete, galu amalondera nyumba usiku ndipo mphaka amathamangitsa makoswe. Amene amasewera ndi ziwetozi tsiku ndi tsiku ndi ana omwe tikuwaphunzitsa. Mwana angathe kuloweza mawu a Chipwitikizi akuti raiva n'kukhoza mayeso, koma galu akamuluma panjira, chomupulumutsa ndi malangizo amene anawamvetsa m'chilankhulo cha kwawo. Maphunziro a zilankhulo ziwiri, amene anayesedwa koyamba m'chigawo chathu cha Tete pakati pa 1993 ndi 1997 pa pulojekiti ya PEBIMO, cholinga chake n'chimenechi: zimene mwana waphunzira zikagwire ntchito pakhomo.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziwa

Chiwewe chimayamba ndi kachilombo kopezeka m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala, kamayenda m'mitsempha mpaka ku ubongo, ndipo zizindikiro zikaoneka, wodwala sachira. Bungwe la World Health Organization likuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi matendawa chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo 40 mwa 100 alionse ndi ana osafika zaka 15. Galu wachiwewe amasintha khalidwe, amatuluka dovu, amaluma chilichonse kapena kufooka miyendo. Mphaka nayenso amadwala ndi kufalitsa matendawa.

Katemera ndiye chitetezo. Kagalu kabayidwe kakakwanitsa miyezi 3, ndipo katemerayo abwerezedwe monga alangizi a ziweto anenera. Agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akalandira katemera, matendawa amaleka kufalikira.

Palinso mavuto ena: nkhupakupa ndi utitiri zimayamwa magazi, njoka za m'mimba zimaondetsa chiweto, mphere zimathothola ubweya, ndipo chipere cha mphaka chimapatsira ana. M'nyengo yotentha ya kuno, chiweto chimafuna mthunzi ndi madzi oyera tsiku lonse.

Kayendetsedwe ka phunziro

Tiyambe ndi zimene ana akudziwa kale. Tiwafunse mayina a agalu awo, chakudya chimene amawapatsa, ndiponso dzina la matenda a galu wopenga kwawo. Popeza ana ambiri a mumzinda uno amalankhula Chinyungwe, tilandire mawu onse amene atchule n'kuwalemba pabolodi. Mawu a Chipwitikizi abwere pamapeto, tanthauzo litamveka kale.

Kenako ana achite sewero la mwana wolumidwa, motsata ndondomeko iyi:

1. Kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15.
2. Kuuza munthu wamkulu nthawi yomweyo, ngakhale bala likhale laling'ono.
3. Kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ndi kumaliza jakisoni yense amene achipatala alamula.
4. Kudziwitsa alangizi a ziweto kuti galuyo aonedwe kwa masiku 10.

Mfundo yachiwiri tiitsindike kwambiri. Ana amabisa mabala poopa kukalipiridwa kuti anaputa galu okha, ndipo makolo ena amathamangira kupaka zitsamba. Tisanyoze makolo pamaso pa ana awo. Tiwauze ana kuti wonena msanga ndiye wanzeru, ndipo uthengawu tikaubwereze pamsonkhano wa makolo.

Ntchito ya ophunzira uphunzitsi

Konzani phunziro la mphindi 45 la kalasi yachitatu, lodzaphunzitsidwa pa 28 September, tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse. Tsikuli ndi limene anamwalira Louis Pasteur, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pogwiritsa ntchito katemera wake. Lembani mafunso asanu m'chilankhulo cha ana. Funso lomaliza likhale lakuti: "Mng'ono wako walumidwa ndipo amayi ali kumsika, uchita chiyani choyamba?"