Kukaphunzira malamulo kunja: tiyambire kwa Imam Shafi'i



Teremu ino a Fomu 4 angapo atifunsa za mwayi wokaphunzira malamulo kunja, makamaka uja woti wophunzira wa payunivesite amapita kudziko lina semesita imodzi n'kubwerera kudzamaliza kwawo. Tisanayankhe, tikumbuke kaye mwini mazihabu amene ambiri kuno timatsata.

Imam Shafi'i, Allah awachitire chifundo, anabadwira ku Gaza mu 767 ndipo anakulira ku Makkah ali amasiye. Popita ku Madinah kukaphunzira kwa Imam Malik, buku la al-Muwatta anali ataliloweza kale. Ku Baghdad anaphunzira kwa Muhammad al-Shaybani, wophunzira wa Imam Abu Hanifa, amene nkhani zina ankaziona mosiyana ndi a ku Madinah. Atasamukira ku Egypt, komwe anamwalira mu 820, anasintha zigamulo zawo zingapo. N'chifukwa chake m'mabuku a fiqh timapezamo qadim, kutanthauza chigamulo chakale, ndi jadid, chatsopano. Onani kuti kulikonse anafika ali ndi maziko, osati chimanjamanja. Nawonso Shehe Abdallah Mkwanda anakaphunzira ku Kilwa, n'kubwerera kudzaphunzitsa kuno kwawo.

Tsono za semesita ija. Mwayiwu sapatsa munthu amene wangolemba MSCE. Umadalira mgwirizano wa mayunivesite awiri, ndipo amasankha amene ali kale m'kalasi ya malamulo, wokhoza bwino ndiponso wodziwa Chingelezi. Choncho khomo loyamba lili pafupi, kungowoloka mlatho wa Liwonde kupita ku University of Malawi ku Zomba. Ukasankhidwa, funsa usanakwere ndege ngati zomwe ukaphunzire kumeneko zidzawerengedwa pa digiri yako. Apo ayi, wataya miyezi.

Ena amafuna digiri yonse ya kunja. Islamic University in Uganda ku Mbale, yomwe inatsegulidwa mu 1988, imaphunzitsa malamulo, ndipo International Islamic University Malaysia imaphunzitsa malamulo a boma pamodzi ndi Shariah. Koma makolo musamangomva dzina n'kugulitsa mbuzi. Nkhondo itabuka ku Khartoum mu Epulo 2023, ophunzira ochokera m'mayiko ambiri anathawa maphunziro ali pakati. Fufuzaninso ku NCHE ngati digiriyo imavomerezedwa kuno.

Chomwe ambiri sachimvetsa ndi ichi: digiri ya Shariah ya ku Madinah kapena ku Al-Azhar ndi yamtengo wapatali, koma payokha siikulola kuimira munthu m'khoti la Malawi. Ngakhale wobwera ndi digiri ya malamulo ya dziko lina amayenera kukhoza mayeso a malamulo a kuno asanaloledwe ntchito ya uloya.

Bwanji tikulimbikira zimenezi? Taonapo amayi amasiye kuno ku Ulongwe akutulutsidwa m'nyumba, arobaini isanachitike n'komwe, achibale a mwamuna atagawana kale malata. Msilamu akamwalira osalemba wilu, nkhani ikafika kukhoti chuma chimagawidwa motsata lamulo la 2011 la chuma cha masiye, osati mirath. Mayi wotere akusowa munthu wodziwa zonse ziwiri, wotha kumufotokozera m'Chiyao kapena m'Chichewa, amenenso angathandize abambo amoyo kulemba wilu yogwirizana ndi Chisilamu yomwe khoti lingailandire.

Amene muli ndi chidwi, tikumane Lachisanu tikachoka ku Jumu'ah. Mubwere ndi zotsatira zanu za Chingelezi za teremu yatha.