Yankho kwa mayi a ku Ndirande

Zikomo mayi athu a ku Ndirande chifukwa cha kalata yanu. Mwati anyamata amakhala pa kiyosiki ya madzi kuyambira m'mawa, chamba chili pakamwa, n'kumatukwana atsikana obwera kudzatunga. Pepani ndithu. Koma mayi, musalimbane nawo nokha, angakuvulazeni. Yambani mwauza amfumu ndi a komiti ya chitetezo cha m'dera, aja amalondera usiku aja. Anyamatawa si alendo. Makolo awo mumakumana nawo pamaliro, ndiye amfumu awaitane pabwalo. Koma wina akagwiragwira mtsikana thupi kapena kumuopseza, imeneyo si ya pabwalo ayi, ndi mlandu. Pitani kupolisi, mukafunse ofesi ya Victim Support Unit. Mutilemberenso, timve mmene zayendera.