Phunziro la Akatekisiti ndi Miphakati: Za Kumanga Sukulu ya Ana Osauka

M'midzi ya kumwera kwa Lilongwe, kuyambira m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama, kudzera ku Mitundu mpaka ku Nathenje, muli ana ambiri amene belu la sukulu likamalira iwo ali kwina. Ena ali kudambo ndi ng'ombe, ena akusoka fodya m'chigafa, ena akukankha njinga ya makala pambuyo pa atate awo kulinga kumsika, ndipo atsikana ena akulera ang'ono awo chifukwa amai adatsikira kuli chete ndipo agogo alibenso mphamvu. Akristu akaona zotere amagwidwa chisoni, ndipo pa msonkhano wa mphakati kapena wa bungwe la tchalitchi pamamveka mau akuti: "Tipeze mzungu atimangire sukulu." Kufuna sukulu nkwabwino ndithu. Koma sukulu yomangidwa ndi ndalama za alendo ili ndi madalitso ake, ilinso ndi misampha yake, ndipo Akristu ayenera kudziwa zonse ziwiri asanalembe kalata yopempha.

1. Chifukwa chake Eklezia amamanga sukulu

Eklezia sadayambe dzulo kuphunzitsa ana a amphawi. M'chaka cha 1597 wansembe wa ku Spain, Yosefe Calasanz Woyera, ataona ana akungoyendayenda m'misewu ya ku Roma, adatsegula sukulu yaulere m'zipinda za tchalitchi cha Dorotea Woyera. Ansembe a chipani cha White Fathers atatsegula mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, ndi Likuni ndi Kachebere posakhalitsa, adachita chimodzimodzi. Pafupifupi mudzi uliwonse umene udalola, anthu ankadula mitengo, namweta udzu, namanga kasukulu. Katekisiti ankaphunzitsa momwemo kuwerenga, kulemba ndi katekisimu, ndipo pa Sabata nyumba yomweyo inkasanduka tchalitchi.

Msonkhano Waukulu wa Vatikano Wachiwiri, m'chikalata chake cha za maphunziro cha m'chaka cha 1965, udaphunzitsa kuti munthu aliyense, wa mtundu uliwonse, wolemera ndi wosauka yemwe, ayenera kulandira maphunziro chifukwa cha ulemu wa umunthu wake, ndi kuti sukulu za Eklezia zisamale makamaka amphawi ndi ana amasiye. Maepiskopi a m'Malawi nawonso, m'kalata yawo yotchuka ya pa Lenti ya 1992, adadandaula poyera za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kusowa kwa aphunzitsi. Boma litathetsa fizi ya kupulaimale m'chaka cha 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchokera pafupi 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni, kotero kuti ambiri adayamba kuphunzirira pansi pa mitengo. Tsono mkristu wofuna kumanga sukulu akutsata njira imene Eklezia adaiyenda kale.

2. Mwana wanjala saona bolodi

Asanakambe za njerwa ndi malata, Akristu ayenera kufunsa chimene chikumtsekereza mwana kusukulu. Nthawi zina ndi mtunda kapena mtsinje wodzaza. Koma kawirikawiri ndi njala ndi ntchito.

Ku Cambodia, dziko la anthu a mtundu wa Khmer, ulamuliro wankhanza wa Khmer Rouge, kuyambira 1975 mpaka 1979, udatseka sukulu zonse nupha aphunzitsi ambiri. M'chaka cha 1995 banja lina la ku France, Christian ndi Marie-France des Pallières, lidapeza ana akutola zinyalala pa dzala lalikulu la Stung Meanchey mumzinda wa Phnom Penh. Atawafunsa chimene ankafuna, anawo adatchula zinthu ziwiri zokha: chakudya kamodzi pa tsiku, ndi sukulu. Banjalo lidayamba ndi chakudya, ndipo bungwe lawo la Pour un Sourire d'Enfant lidakula mpaka kukhala ndi sukulu za ntchito zamanja. Lidazindikiranso kuti mwana akasiya kutola zinyalala, banja lake limataya kandalama kamene ankabweretsa; nchifukwa chake linkapatsa makolo mpunga, kuti asamubweze mwanayo kudzala.

Kuno kwathu zidachitikanso motero. Pa njala ya 2002 Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland adacheza ndi banja lina limene mai wake anali pafupi kumwalira, ndipo mwana wamkulu wa m'banjamo adanena kuti chimene ankalakalaka ndicho chakudya chokwanira ndi kudzapita kusukulu tsiku lina. Mau amenewo ndiwo adabala bungwe la Mary's Meals, lotchedwa dzina la Amai Maria, limene lidayamba ndi ana 200 ndipo pambuyo pake lidafika podyetsa ana opitirira miliyoni imodzi m'Malawi muno. Phala limene amaphika ndi la chimanga ndi soya, lija lodziwika ndi dzina la mishoni ya Likuni. Ufa umagulidwa ndi ndalama za othandiza, koma otunga madzi, osonkha moto ndi otakasa mphika m'mamawa ndi anthu a m'mudzi momwemo, osalandira malipiro.

Phunziro lake nali: mnyamata wothandiza atate ake kuotcha makala ku Dzalanyama sangabwere kusukulu chifukwa choti nyumba yake njokongola. Womanga sukulu osaganizira za mimba ya mwana ndi za nkhokwe ya makolo adzakhala ndi mabenchi opanda wokhalapo mwezi wa Januwale ndi Febuluwale.

3. Njira ziwiri zomangira

M'chaka cha 2009 woimba wa ku America, Madonna, kudzera m'bungwe lake la Raising Malawi, adakhazikitsa ntchito yomanga sukulu yaikulu ya atsikana pa mudzi wa Chinkhota, kufupi ndi Lilongwe. Sukuluyo idayenera kudya madola 15 miliyoni. Anthu amene ankalima pa malowo adauzidwa kuti achoke. Koma m'chaka cha 2011 ntchito idaimitsidwa, ndipo zidamveka kuti madola 3.8 miliyoni anali atatha kale pa zolemba mapulani, malipiro, maofesi ndi magalimoto, popanda kalasi ngakhale imodzi yoti mwana alowemo. Ambuye Yesu adachenjezeratu za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera, kuopa kuti angaike maziko nalephera kutsiriza (Luka 14:28-30).

Nkhani iyi sikukambidwa kuti wina anyozedwe, pakuti bungwe lomwelo lidasintha njira. M'chaka cha 2012 lidagwirizana ndi bungwe la buildOn, ndipo ndi ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi zija, nyumba zophunziriramo zidamangidwa pa malo khumi m'boma la Kasungu chaka chisanathe. Ena adati zimenezo ndi midadada chabe, osati sukulu zathunthu. Komabe ana adalowamo naphunzira. Kusiyana kudali apa: a buildOn samanga mudzi usanalonjeze kupereka malo, mchenga, miyala ndi manja ake, ndiponso kutumiza atsikana ndi anyamata mofanana.

Palinso chitsanzo cha mwana wa m'dziko lino. Mai Marie Da Silva, amene ankagwira ntchito yolera ana ku Los Angeles, atataya abale ake ambiri ndi matenda a Edzi, adapereka nyumba ya makolo ake ku Chigumula kufupi ndi Limbe kuti ikhale sukulu ya ana amasiye m'chaka cha 2002, namatumiza gawo la malipiro ake mwezi ndi mwezi kuti aphunzitsi alipidwe. Sukulu ya Jacaranda idayamba motero, m'chipinda chochezera ndi m'zipinda zogona. Othandiza a kunja adabwera pambuyo pake, atapeza ntchito ili kale mkati.

4. Zoyenera kukonza kalata yopempha isanalembedwe

Choyamba ndi malo. Nyakwawa, eni munda ndi a banja lonse ayenera kuvomera pamaso pa mboni, ndipo zonse zilembedwe ndi kufika kwa mfumu yaikulu ndi kwa a boma. Malo operekedwa ndi malume m'modzi, mbumba isanamve, amadzabala milandu malumeyo akadzamwalira.

Chachiwiri ndi aphunzitsi. Wothandiza amakonda kumanga chooneka ndi maso, koma khoma siliphunzitsa mwana. Akulu a tchalitchi akambirane ndi Bambo Mfumu, ndi ofesi ya za maphunziro ya arkidayosizi ndi ya boma, kuti adziwe amene adzatumiza aphunzitsi ndi kuwalipira. Nyumba ya mphunzitsi, mjigo ndi zimbudzi, makamaka za atsikana osinkhuka, ziwerengedwe pamodzi ndi makalasi, pakuti mphunzitsi wosowa pogona sakhalitsa kumudzi wakutali, ndipo mtsikana wosowa pobisala amaleka sukulu.

Chachitatu ndi zomangira. Uvuni wa njerwa umadya mitengo yambiri, ndipo kumwera kwa Lilongwe mitengoyo imachokera ku Dzalanyama, nkhalango imene idatetezedwa ndi lamulo m'chaka cha 1922, ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Nkhalangoyo idaonongeka kotero kuti m'chaka cha 2015 boma lidatumizako asilikali, ndipo m'chaka cha 2018 lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga zazikulu. Sikoyenera kumangira ana sukulu ndi kuwaphwetsera mtsinje. Zidina za simenti kapena za dothi lopsinja ndi makina zilipo, ndipo anyamata a m'mudzi angathe kuphunzira kuziumba.

Chachinai ndi kaundula wa ndalama. Ndalama zisasungidwe m'nyumba ya munthu, ngakhale wopemphera chotani. Zikhale kubanki, osaina akhale atatu, mwa iwo mukhale mai, ndipo zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe poyera mapemphero a pa Sabata atatha. Thumba limodzi la simenti lopita kunyumba ya wa m'komiti ndi kuba, ndipo obedwawo ndi ana amasiye. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silipatula katundu wa mzungu.

Chachisanu ndi kusankha ana. Sukulu yopemphedwa m'dzina la osauka isadzaze ndi ana a akulu a tchalitchi. Mphakati ndiwo umadziwa nyumba imene mulibe mchere, ndipo mwana alandiridwe chifukwa cha kusowa kwake, kaya makolo ake ndi Akatolika, a mpingo wina, Asilamu kapena a kudambwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndiponso mwana asavekedwe nsanza dala kuti ajambulidwe chithunzi chokopera ndalama, kapena kutchedwa wamasiye makolo ake ali moyo. Bodza lotere limachotsa ulemu wa mwana ndi dalitso la ntchito.

5. Wopereka ndi wolandira pamaso pa Mulungu

Anthu ambiri amayesa kuti ndalama za kunja zimachokera kwa olemera okhaokha. Si choncho ai. Bungwe la Kufalitsa Chikhulupiriro, limene lakhala likuthandiza mamishoni, lidayamba ku Lyon m'chaka cha 1822, ndipo maziko ake adaikidwa ndi mtsikana, Pauline Jaricot, amene ankasonkhetsa kakobiri kamodzi pa mlungu kwa amai ogwira ntchito yoomba nsalu. Eklezia adamutcha Wodala m'chaka cha 2022. Ngakhale lero zambiri zimene zimafika m'maparishi nzochokera kwa nkhalamba zodzimana ndi ana a sukulu. Ndi ndalama zonga za mai wamasiye uja amene Ambuye adamuyamikira m'Nyumba ya Mulungu (Marko 12:41-44), ndipo woziseweretsa adzayankha kwa Mwini wake.

Wopereka nayenso ali ndi udindo: kumvera eni mudzi, kusalonjeza zimene sangathe, ndi kusafuna kuti dzina lake likule kuposa mwana amene akumthandiza.

Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ambuye Episkopi Patrick Kalilombe, pa sinodi ya dayosizi ya Lilongwe ya 1973 mpaka 1975, imene idakhazikitsa miphakati, adaphunzitsa kuti Eklezia wa kuno ayenera kudzidalira pa utumiki ndi pa chuma. Kudzidalira sikutanthauza kukana thandizo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kutanthauza kuti sukulu njamudzi kuyambira tsiku loyamba, ndi kuti mphepo ikadzasasula lata patapita zaka zisanu, padzakhala anthu odziwa kuti kulikhomanso ndi ntchito yawo. Mphakati umene ungathe kulima munda wa soya wa phala la ana, kapena kupatula gawo la masika chaka ndi chaka, wayamba kale kumanga sukulu, ngakhale wothandiza asanaoneke.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Kodi m'mudzi muno muli ana angati a msinkhu wa sukulu amene sapita, ndipo chikuwaletsa nchiyani, mwana aliyense payekha?

2. Kodi chofunika nkumanga sukulu yatsopano, kapena kuthandiza imene ilipo ndi kalasi, phala kapena nyumba ya mphunzitsi?

3. Nanga mphakati ungapereke chiyani ndi manja ake mwezi uno, usanapemphe kwa wina?

4. Wothandiza atasiya chaka chamawa, ndani adzasamala anawo?

Akatekisiti alembe mayankho, makamaka a funso loyamba, ndi kuwapereka kwa Bambo Mfumu pa ulendo wawo wotsatira. Msonkhano utsekedwe ndi pemphero lopempherera ana amasiye, aphunzitsi, ndi onse amene amathandiza sukulu mobisika.