Matewera a Khanda ndi Chitsime Chathu

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza mlongo wanga wakhanda ali kutsegula m'mimba, maso atalowa m'kati. Agogo anati ndi mano ali kumera, ndipo ine sindinatsutse, pakuti nanenso ndinaleredwa ndi mawu omwewo. Koma patapita masiku atatu ana ena awiri a pafupi nafe anadwala chimodzimodzi, ana amene anamera mano kalekale. Apo ndinakumbukira nkhani ya ku London imene aphunzitsi athu a sayansi anatisimbira.

M'chaka cha 1854 kolera inagwa pa msewu wotchedwa Broad Street ndi kupha anthu 616. Masiku amenewo anthu ophunzira ankakhulupirira kuti nthendayi imadza ndi mpweya wonunkha. Dokotala John Snow analondola nyumba za maliro, napeza kuti ambiri mwa akufawo ankatunga madzi pa mjigo umodzi. Iye anapempha akuluakulu a deralo, ndipo iwo anachotsa chogwirira cha mjigowo.

Ambiri amalekera pamenepa, koma kwa ine chotsatira ndicho chachikulu. Mbusa wina, Henry Whitehead, anafufuzabe kuti adziwe chimene chinaipitsa madzi. Anapeza kuti m'nyumba ya nambala 40 munali khanda lodwala, ndipo mayi wake ankachapa matewera ndi kutaya madziwo m'dzenje la zonyansa. Dzenjelo linali pafupifupi mita imodzi yokha kuchokera pa chitsime, ndipo njerwa zake zinali zitawonongeka. Mayiyo sanali wauve ayi, ankasamalira mwana wake monga achitira amayi athu.

Tsono anzanga, kwathu chimbudzi chilipo, chofolera bwino, ndipo bambo amanyadira nacho. Koma ndinachipeza chopanda chivundikiro, ntchentche zikutuluka ndi kukatera pa mbale za nsima. Matewera amayi ankachapira pambali pa chitsime, poganiza kuti zoipa za khanda zilibe vuto. Si zoona. Tizilombo ta nthendayi timakhalamo monga mwa munthu wamkulu, ndipo timayenda pa zala, pa ntchentche ndi m'madzi kufikira titalowa m'kamwa mwa wina.

Kuuza amayi ako zotere ndi kovuta. Amayi anandiyang'ana nati, "Kodi sukuluyi ndiyo yokuphunzitsa kundichapitsa?" Ndinachita manyazi, koma m'mawa mwake ndinawaona akutaya madzi a matewera m'chimbudzi. Ine ndinasema chivundikiro cha thabwa, ndi kupachika kachigubu ka madzi osamba m'manja pakhomo pake, sopo ali pambali. Mwanayo anachira atamwa Thanzi wa kuchipatala.

Chatsala ndi chimodzi. A zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chitalikire chitsime ndi mamita 30, ndipo chikhale kumunsi. Chathu ndinachiyesa ndi mapazi, sichifika ngakhale theka, ndiponso chili kumtunda. Bambo alonjeza kukumba china akatha kusosa m'munda. Ndawalembera kalata yowakumbutsa, pakuti mvula ili pafupi.