PHUNZIRO LA MABANJA: MTIMA WOKUMBUKA UFULU WA KU UNYAMATA

Phunziro la masabata awiri ano likunena za vuto limene akatekisti amalipeza kawirikawiri poyendera mabanja atsopano, ngakhale eni ake amachita manyazi kulitchula. Mnyamata ndi mtsikana adalitsa ukwati wawo m'tchalitchi, apeza nyumba ya lendi m'lokeshoni, ndipo Mulungu wawapatsa mwana mmodzi kapena awiri. M'nyumbamo mulibe ndeu, mulibe chigololo, ndipo sagona ndi njala. Komabe patapita zaka zitatu kapena zinayi, mwamuna akamabwerera ku nchito madzulo a Lachisanu, atanyamula kathumba ka makala ndi bonya, amaona anzake a ku sukulu akulowera kokacheza, nanena mumtima mwake kuti: "Ndinafulumira." Mkazi nayenso, atakhala pakhonde kuseri kwa mpanda, amakumbuka kwaya, mpira wa manja ndi phwete la atsikana anzake, nadzifunsa ngati moyo wake wonse udzathera pa mbaula ndi matewera. Tiyeni tione kumene maganizo otere amachokera, ndi chimene Mkhristu ayenera kuchita nawo.

1. UKWATI WA KUMUDZI NDI UKWATI WA M'TAUNI

Titenge mzinda wa Lilongwe monga chitsanzo. Likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ndipo mzindawo unamangidwa m'zigawo za manambala zotalikirana. Anthu a zilankhulo zonse anasonkhana kudzafuna nchito ku Capital Hill, ku Kanengo ndi ku Old Town. Tsono munthu wokhala ku Area 25 kapena ku Area 36 amalawira kukadikira minibasi ana asanadzuke, nabwerako dzuwa litalowa. Zonse za m'nyumba mwake nzogula: lendi, madzi, magetsi, makala, ndiwo ndi fizi ya ana.

Kumudzi zinthu zinali zosiyana. Mnyamata kapena mtsikana ankachoka ku mphala kapena ku gowelo nalowa m'banja, anzake ali pomwepo. Mkazi ankakumana ndi akazi anzake pa mtondo ndi pa chitsime, mwamuna ankakumana ndi amuna anzake pa bwalo ndi pa dima. Anamkungwi ankalangiza, agogo ankalera mwana, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali pafupi, okhoza kuzima moto usanafike pa denga. M'tauni ankhoswe ali kutali, mwina ku Dedza kapena ku Mchinji, ndipo amaoneka kawiri kokha: pa tsiku la ukwati ndi pa tsiku la mlandu. Katundu amene mudzi wonse unkathandizana kusenza wagwera anthu awiri.

Chifukwa chake katekisti asafulumire kudzudzula. Nthawi zambiri munthu akamati akulakalaka ufulu wa kale, chimene chikumsowa kwenikweni ndi anzake ocheza nawo, kupuma pang'ono, ndi munthu womufunsa kuti wadzuka bwanji. Nthenda tikaitchula ndi dzina lolakwika, tidzaipatsanso mankhwala olakwika.

2. KUKUMBUKA SI TCHIMO, KOMA MTIMA UMAKUMBUKA MOSANKHA

Kukumbuka masiku a unyamata si tchimo, pakuti nawonso anali mphatso ya Mulungu. Tchimo limayamba pamene munthu auweta mtima umenewu, nayamba kuona mkazi wake, mwamuna wake kapena ana ake ngati ndende.

Buku la Numeri, mutu 11, limatisimbira za Aisraele m'chipululu. Atatopa ndi mana a tsiku ndi tsiku, anayamba kulira pokumbuka nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Ejipito. Taonani kuti sanakumbuke njerwa zimene ankaumba, kapena zikoti za akapitawo a Farao. Momwemonso mwamuna amakumbuka usiku wa magule ndi ndalama zosafunsidwa ndi munthu, koma waiwala tsiku lija anadwala malungo m'kachipinda ka yekha popanda womtungira madzi, ndi ngongole za katapila za pakati pa mwezi. Mkazi amakumbuka kutchena ndi kuyenda mosapempha, koma waiwala nkhawa imene inkamdya ya kusadziwa za mawa. Anzathu osakwatira timawaona Loweruka akuseka. Lolemba usiku sitiwaona. Akuluakulu anati, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

3. UFULU SUNABEDWE, UNAPEREKEDWA

Eklezia amaphunzitsa kuti chimene chimamanga ukwati ndi kuvomerezana kwa mwamuna ndi mkazi, kochokera mumtima ndi kosakakamizidwa. Nchifukwa chake wansembe amayamba wafunsa ngati awiriwo abwera mwa kufuna kwawo, ndipo ukwati womangidwa mokakamiza kapena moopseza kwambiri sukhala ukwati pamaso pa Eklezia. Awiriwo ndiwo amapatsana sakramentili. Wansembe ndi mboni yoimira Eklezia. Malamulo a dziko nawonso amafuna munthu wokhwima: lamulo la maukwati la 1902 ndi ena akale analowedwa m'malo ndi lamulo la 2015, limene linaika zaka 18 monga msinkhu wokwatira, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti agwirizane ndi msinkhu umenewu.

Tanthauzo lake ndi ili: pa tsiku la ukwati palibe amene anakulandani ufulu. Munaugwiritsa nchito inu nomwe, posankha munthu mmodzi ndi kusiya ena onse. Mbewu yosungidwa m'nkhokwe chaka ndi chaka imathera anankafumbwe. Imene yabzalidwa siibwereranso m'dzanja la mlimi, koma ndiyo imabala. Munthu wofuna kuti njira zonse zikhale zotsekuka kufikira ukalamba sadzafika kuli konse. Ndipo popeza walira mvula walira matope, amene anapempha Mulungu banja alandirenso lendi, matewera ndi kulira kwa mwana pakati pa usiku.

4. CHITSANZO CHA LOUIS NDI ZÉLIE MARTIN

Pa 18 October 2015 Papa Francis analemba m'gulu la oyera Louis ndi Zélie Martin a ku France, makolo a Thérèse wa ku Lisieux, amene timamtchula Tereza wa Mwana Yesu. Iwo ndi mwamuna ndi mkazi oyamba kulembedwa pamodzi monga banja. Onse awiri pa unyamata wawo ankafuna moyo wina. Louis anakapempha kulowa m'nyumba ya amonke ya ku mapiri a Alps, koma anabwezedwa chifukwa chosadziwa Chilatini, nakhala wokonza mawotchi mu mzinda wa Alençon. Zélie anafuna usisitere, nayenso anakanidwa, nayamba nchito yoluka nsalu za maluwa. Anakwatirana m'chaka cha 1858, nabereka ana 9, ndipo 4 mwa iwo anamwalira ali aang'ono.

Zoonadi, iwo sankalakalaka zisangalalo za dziko, koma mtima wofuna moyo wina anaudziwa. Makalata a Zélie amaonetsa kuti nthawi zina ankasirira bata la mkulu wake amene anali sisitere. Louis ankakonda kukhala payekha, kuwedza nsomba ndi maulendo a ku malo oyera, ndipo mkazi wake sanamletse zimenezi. Koma m'chaka cha 1870 anagulitsa sitolo yake ya mawotchi kuti athandize nchito ya mkazi wake, ndipo Zélie atamwalira ndi khansa m'chaka cha 1877, iye analera yekha ana aakazi 5, amene onse anadzakhala asisitere. Banjali likutiphunzitsa zinthu ziwiri: munthu angathe kukhala ndi mtima wokumbuka moyo wina nakhalabe wokhulupirika, ndipo banja labwino limasiyira aliyense kampata kopumira.

5. KUCHONA ULI MU MZINDA WOMWEWO

Agogo athu ankadziwa machona, amuna amene anapita ku migodi ya ku South Africa kapena ku minda ya ku Southern Rhodesia, osabwereranso ndi osatumiza kalata. Lero munthu angathe kuchona akugona m'nyumba mwake usiku uli wonse. Amayamba ndi kuchedwa Lachisanu lokha, kenaka amabisa kuchuluka kwa malipiro ake, kenaka foni yake imakhala ndi nambala yachinsinsi imene mkazi saidziwa. Mkazi nayenso angathe kuchona: thupi liri pa mbaula, mtima uli pa Facebook, kuyerekeza nyumba yake ndi zithunzi za anzake. Amene amayamba kulipira ndi ana, pakuti ndalama ya fizi ndiyo imathera ku mowa; ndipo pamene chigololo chalowa, matenda amene angabwere m'nyumba sasankha wolakwa ndi wosalakwa. Mapanga awiri avumbwitsa.

6. ZOYENERA KUCHITA

Kwa okwatirana. Choyamba, uzanani zoona mofatsa. Mkazi angathe kunena kuti: "Bambo a mwana, ndikusowa anzanga a ku kwaya, kodi simungakhale ndi mwanayu Loweruka masana?" Mwamuna naye anene kuti: "Mayi a mwana, ndikufuna ndikaonere mpira ndi anzanga, ndibwera dzuwa lisanalowe," ndipo asunge mawu ake. Mpata umenewu ukhale wa onse awiri, osati wa mwamuna yekha. Chachiwiri, ikani ndalama zonse poyera kumayambiriro kwa mwezi, ndipo lendi, chakudya ndi fizi zikachotsedwa, aliyense akhale ndi kangachepe kake. Chachitatu, musaleke zimene munkachita muli pa ubwenzi: kuyenda limodzi, kupita ku Misa imodzi, kuseka. Chachinayi, pempherani pamodzi madzulo, ngakhale mwachidule, ndipo musatalikire sakramenti la kulapa.

Kwa akatekisti. M'kalata yake ya 2016 yotchedwa Amoris Laetitia, Papa Francis anapempha kuti mabanja aziperekezedwa makamaka pa zaka zoyamba za ukwati. Ife timakonzekeretsa achinyamata miyezi ingapo, tikavina pa ukwati, basi tawaiwala. Mphakati ndiwo uyenera kukhala mudzi wa anthu a m'tauni. Lembani maina a mabanja amene sanakwanitse zaka 5, muwayendere madzulo pamene mwamuna alipo, ndipo banja liri lonse latsopano mulipezere banja lachikulire lokhala pafupi, lodziwa kusunga chinsinsi, loti lithandize ankhoswe amene ali kutali. Musawachotse msanga m'kwaya kapena m'magulu amene anazolowera. Chenjeraninso ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira. Kupirira kutopa ndi umphawi ndi ukoma. Koma pamene pali kumenyana kapena choopsa china chachikulu, nkhaniyo ipite msanga kwa Bambo Mfumu ndi kwa oyenera, pakuti malamulo a Eklezia amalola kukhala kosiyana ngati moyo wa mmodzi kapena wa ana uli pa ngozi.

MAFUNSO OKAMBIRANA KU MPHAKATI

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene mudzi unkachitira banja latsopano, zimene mphakati wathu sukuchita?
2. Aisraele anakumbuka chiyani, ndipo anaiwala chiyani? Nanga ife?
3. Kodi m'banja mwathu mpata wopuma ndi wa onse awiri, kapena wa mmodzi?
4. Ndi mabanja angati atsopano amene ali m'dera lathu, ndipo ndani adzawayendera mwezi uno usanathe?

Tiwapempherere abale athu amene mitima yawo ikuyang'ana m'mbuyo, kuti Banja Loyera la ku Nazareti liwaphunzitse kukonda nyumba imene Mulungu wawapatsa, ndi anthu amene ali m'menemo.